Mlendo Wakhala Tsonga

Lolemba, 2 Juni

Tabwerako kusikelo. Nkhani yake ndi iyi: Mlendo wathu wakhala tsonga. Mutu m'mwamba pansi pa nthiti za amake, matako pakhomo potulukira, ngati munthu amene wafika msanga m'basi n'kusankha mpando wapazenera. Azamba anapapasa, anapapasanso, kenako anatitumiza kokaunika. Pa kanema paja ine ndinangoona chifunga, koma iwo amvekere, "Uwu ndi msana, ili ndi bondo, aka ndi kadzanja kali kukamwa." Ndinavomera ndi mutu kuti asandione umbuli.

Akuti mwezi womaliza ukamayamba ana ambiri amakhala atazondoka kale, mutu pansi. Uyu ayi. Zina zonse zili bwino, mtima ukugunda ngati makina osokera, madzi okwanira, thupi akunenepa. Kungoti mwano. Atipatsa milungu iwiri. Akapanda kutembenuka yekha adokotala adzayesa ndi manja, zikakanika ndiye opaleshoni.

Azamba anati opaleshoni, koma Nachete, mpongozi wanga, anamva mpeni. Anangogwira m'mphepete mwa bedi. Mayi ake omubereka analowa m'chipinda chotero iye ali kamtsikana, anawagoneka tulo, sanadzukenso. Sazinena. Mwanayu sanena chilichonse, n'chifukwa chake ndinamutcha Nachete. Ndi yemweyu anandiphunzitsa zilembo ndili kale ndi imvi, n'kundigulira kope, amvekere, "Amayi, nkhani zina muziuzako pepala." Ankayesa pakamwa panga pachepa. Pepala likumva, iyenso akumvabe.

Chimene ndatola ine ndi ichi: mwana wa msinkhu umenewu amamva. Mawu a amake, phokoso la panja, ngakhale chitseko chikamenyetsedwa amadzidzimuka. Ndinafunsa kawiri. Akuti amamva.

Lachiwiri, 3 Juni

Ndaiganiza nkhaniyi mpaka tiyi kuzizira. Wolakwa ndine.

Miyezi yonseyi Nachete akagona pa sofa masana, mapazi otupa ali pa pilo, ine ndimakhala pati? Kumutu. Nkhani zanga ndimakambira kumutu. Tsono ine zaka zonse zimene ndinagwira m'shedi yosankha nyemba, akazi ali ndandanda m'matebulo, sindinaonepo munthu womvera nkhani atalozetsa matako kwa wokamba. Khutu limatsata mawu, mutu umatsata khutu. Mwanayu si wamwano. Ndi waulemu. Anatembenukira kwa agogo ake.

Ndamufotokozera mwana wanga, Mabuleki. Ntchito yake ndi yophunzitsa anthu galimoto, ndiye moyo wake wonse ndi "pang'onopang'ono, imani kaye." Anandiyang'ana ngati wophunzira amene wagunda chipata. "Amayi, musamuwonjezere maganizo." Ndati sindikuwonjezera, ndikungosamuka. Kuyambira mawa ndikambira kumapazi.

Lachitatu, 4 Juni

Nachete amasoka makatani pakhomo pompano. Adakali ndi a anthu oti amalize asanachire, ndiye m'mawa uliwonse ali pa makina, mimba itagunda tebulo, phazi pa chopondera. Ndayala bulangete pansi pa tebulopo, ndalowa chokwawa.

"Amayi, mukufuna chiyani pansipo?"

"Singano."

"Sindinagwetse singano."

"Ndidikira ugwetse."

Ndayamba nkhani yatsopano, poti zakale zonse Mlendo anazimvera kumtunda. Ya bambo wina amene anagula kabati yakale pamsika, yokhoma, yopanda kiyi, n'kuiimika kuchipinda pafupi ndi bedi. Tsiku loyamba mkazi wake amufunsa, "Munachedwa kuti?" Iye, "Kuntchito." M'kabati: go, go, go. Mawa lake, "Wamaliza shuga ndani?" "Nyerere." Go, go, go. Bodza lililonse, kabati kugogoda.

Ndaidula pamene bamboyo wagwada, diso pa kabowo ka kiyi. Ndimo anandiphunzitsira azakhali anga m'shedi muja: nkhani umaidula pamene pakamwa pa anthu patseguka. Belu loweruka lizilira iwe uli pakati pa mawu. Mawa lake ndi achimfine omwe ankabwera kuntchito, akapitawo mpaka ankandipukutira mpando. Tsono Mlendo akafuna mathero, atsike adzawatenge kuno kumunsi.

Anasewera ndithu. Nachete akuti wamuponda chikhodzodzo. Ine ndati kumeneko ndi kuwomba m'manja, kungoti manja ali kutali.

Kulowa pansi pa tebulo n'kosavuta. Potuluka ndinatuluka chambuyo, nditagwira mwendo wa makina, mpango uli m'maso. Nachete anaseka, koyamba chibwerereni kusikelo.

Lachinayi, 5 Juni

Mutu ukadali pa nthiti. Bondo langa lamanzere latupa. Bambo uja akadali pa kabowo.

Lachisanu, 6 Juni

Nyumba yathu ili pamwamba pa mashopu, ndipo pansi penipeni pa tebulo la Nachete pali kashopu ka Wansapato, mkulu wadazi amene zaka zonsezi moni wake ndi kukweza nsidze. Lero wakwera masitepe. Wanyamula nsapato ya Mabuleki, imodzi, imene inapita kokakonzedwa chaka chatha.

"Inzake ili kuti?"

"Ndibweretsa tsiku lina."

Waima pakhomo, akupotokola chipewa. Wafunsa za mphepo. Wafunsa ngati mpopi wathu ukutulutsa. Kenako, maso ali kudenga: "Tsono mkulu uja, anaona chiyani pa kabowo paja?"

Kani mawu anga amatsika ndi paipi ya madzi n'kukatulukira pamutu pake penipeni. Masiku onsewa wakhala akukhoma misomali mwakachetechete kuti asaphonye. Ndiitane khanda, abwere wadazi. Komabe umboni wake ndi umenewo: munthu wamva mawu, wadzutsa mutu, watsata. Njirayi ikugwira, yangophonya khomo.

Ndamuuza kuti nkhaniyi ndi ya osabadwa, iye anachedwa. Akafuna azimva mwakuba mmene amamveramo.

Loweruka, 7 Juni

Ndapeza chida. Chipepala cholimba chija amakulungirapo nsalu, chachitali, chobowoka ngati paipi. Mbali ina pakamwa panga, mbali ina kumunsi kwa mimba, kuti mawu asamamwazike n'kumathera kwa anthu osayenera. Mabuleki wabwerako masana watipeza choncho: mkazi wake akusoka, mayi ake ali chagada pansi akulankhula m'chipaipi.

Anatulutsa foni, anaimbira Azamba, anakweza mawu kuti ndidzimvere ndekha. Azamba anaseka kaye mpaka kutsokomola. Kenako amvekere, palibe amene anatsimikizapo kuti mawu amatembenuza mwana, koma sapweteka munthu. Chimene sakufuna ndi kukanikiza mimba, kapena kumumwetsa za m'mabotolo a anthu. Ndipo Nachete azimvetsera mmene mwana akusewerera. Asamve zoti mwana akayandikira kubadwa amakhala phee. Akachepetsa kusewera, tsiku lomwelo kuchipatala, osadikira kuche.

Mabuleki: "Mwamva, Amayi? Sizigwira ntchito."

Ine: "Ndamva. Akuti ndipitirize."

Lamulungu, 8 Juni

Ndamudziwa Mlendo tsopano. Makina akamalira amagona. Akangoima, yemweyo, chigongono, chidendene. Amake akamwa madzi ozizira amachita zionetsero. Ine ndikayamba amasewera. Atate ake akayamba amangoti zii.

Pamenepo nzeru inandibwerera. Kukoka kokha sikukwana, pafunikanso wothamangitsa. Ndamunyengerera Mabuleki kuti mwana ayenera kuzolowera mawu a bambo ake, akhale kumutu kwa sofa amuuze za ntchito yake. Anakondwa zedi. Anayamba ndi kayendedwe ka pa mphambano, ndani adikire ndani. Ine kumapazi ndi chipaipi changa, kabati ikugogoda. Mwana aliyense wanzeru athawire kuti?

Amene anathawa ndi Nachete. Anagona tulo, pakamwa yasa, tulo timene sanatione sabata yonse. Mabuleki atazindikira chimene ndinamuikira pamenepo anakana kundithirira tiyi. Ndati usadandaule, mawu ogonetsa ndi mphatso, mwana akabadwa udzafunidwa kuposa ine.

Lolemba, 9 Juni

Lero sindinasangalale. Nachete anandiitanira kuchipinda, n'kumatsegula madirowa imodziimodzi. Matewera ali umu, tizipewa umu, sopo wa mwana si uyu wochapira. Khadi la kuchipatala limakhala m'chikwama chobiriwira. Makatani a mayi a kusaluni atha, enawo angotsala kupinda m'munsi. Kenako akuti ndione mmene amalowetsera ulusi m'makina.

Ndinamuyang'ana. Munthu wopita kukagona masiku atatu m'chipatala salongosola nyumba chonchi.

Ndiye ndinasanduka chitsiru. "Wati matewera ali kuti?" Wandionetsa. "Umu ndiye mwa tizipewa?" "Ayi, Amayi, umo." Ulusi ndaulowetsa chozondoka mpaka wakodwa. Sopo ndanunkhiza, ndafunsa ngati ndi wotsukira mbale. Mapeto ake anakhala pabedi, manja pamimba.

"Amayi, inu munthu sangakusiyireni mwana."

"Eya. Usayerekeze."

Sanaseke. Koma madirowa anatseka.

Lachitatu, 11 Juni

Watembenuka. Ndinali pakati pa nkhani, bambo uja wabwera ndi kalipentala, kalipentala wati ine ntchito ya munthu sindichedwetsa, kabati yamugogodera, wathawa kusiya zida. Nachete anangosiya chopondera. "Amayi." Mimba yonse inayenda ngati munthu akugudubuka m'bulangete, chotupa chinachoka uku n'kupita uko. Ndinachiona ndi maso angawa, kuchokera pansi.

Ndauza a khomo loyandikana, ndauza wogulitsa buledi, ndauza mayi wosesa masitepe. Wansapato wandigwira chanza ndi manja awiri, wabweretsa nsapato yachiwiri ija. Mabuleki akuti tidikire Azamba. Munthu ameneyu ngakhale kumwamba adzalowa atayang'ana kaye kumanja ndi kumanzere.

Lachinayi, 12 Juni

Sanatembenuke. Anangosintha mbali, ngati munthu amene mkono wachita dzanzi. Azamba anatenga dzanja langa n'kuliika pansi pa nthiti za Nachete: cholimba, chozungulira. "Agogo, uwu ndi mutu. Matako sakhala olimba chonchi." Ndati sanaone a m'banja mwathu.

Anamukhazika Nachete pansi n'kumufotokozera. Akuti masiku ano kawirikawiri sagoneka tulo. Amabaya jekeseni pamsana, kuyambira pachifuwa kutsika kumachita dzanzi, iwe uli maso, ukumva zolankhulidwa, ungathe ndi kucheza komwe. Nachete anagwedeza mutu mwaulemu, mmene amachitira ndikamamuuza kuti m'shedi monse wokongola ndinali ine. Sanakhulupirire.

Pobwerera ndinadzera kuseri, kwa zinyalala, kuzemba wogulitsa buledi.

Loweruka, 14 Juni

Pepala iwe, sunga pakamwa. Sindikudziwa chimene chili m'kabatimo.

Nkhani za azakhali zinkabwera ndi mchira wake. Iyi ndinaiyambira pansi pa tebulo, bondo likuwawa, ndimati Mlendo atembenuka posachedwa ndipo palibe adzafunse. Tsopano ndalowetsamo kalipentala, m'busa, wapolisi, apongozi a bamboyo, aliyense wagogoderedwa. Ndaganiza nkhuku. Nkhuku ikudya chiyani miyezi yonseyi? Ndaganiza mzukwa, koma mzukwa ndi mathero a anthu aulesi. Wansapato akuti ndi wotchi yakale. Wosesa masitepe akuti ndi mwamuna woyamba wa mkaziyo. Inde, wosesanso akumva. Wansapato waika benchi pansi pa paipi.

Lolemba, 16 Juni

Adokotala ayesa. Anandilola kuima pakona bola ndisalankhule. Anamupatsa Nachete mankhwala ofewetsa chiberekero, makina omvera mtima wa mwana ali pambali, kenako manja awiri pamimba, kusuntha pang'onopang'ono ngati akutembenuza beseni lodzaza madzi. Mlendo anayenda, anayenda, anafika pakati. Kenako ulendo wobwerera pampando wake. Anayesanso, chimodzimodzi. Adokotala anachotsa manja. Akuti sakakamiza, mtima wa mwana aupeza uli bwino, ausiya uli bwino.

Opaleshoni Lachiwiri sabata yamawa. Ndinafunsa bwanji osangochita lero, mwana wa anthu apume. Akuti ayi, masiku omalizawa si ongodikira, mapapo a mwana akukhwima, ubongo ukukula, akhalemo kaye.

M'galimoto palibe analankhula. Mabuleki anayang'ana pagalasi kuona ngati sanandiiwale kuchipatala.

Lachinayi, 19 Juni

Bulangete ndalichotsa pansi pa tebulo. Chipaipi ndataya. Ndabwerera kumutu kwa sofa. Ngati mwana akufuna kumvera ali tsonga, amvere ali tsonga.

Ndikuyamba kumene, Nachete anandigwira mkono.

"Amayi, ingondiuzani chili m'kabatimo."

"Sitinafikepo."

"Ndinong'onezeni. Sindiuza munthu."

"Mlendo amva."

"Amayi, ndisapite osadziwa."

Anati ndisapite. Ndinamva mmene anawanenera mawuwo. Ndinayang'ana pazenera.

"Mathero amamva ndi amene wabwera mawa lake," ndinatero. "M'shedi muja lamulo linali lomweli. Wina ankati ndikusamuka, wina ankati ndikukwatiwa kutali, sindinauzepo munthu pakhomo. Udzamva Lachitatu, uli ndi bala lako, mwana ali pabere."

"Nanga ndikapanda..."

"Ndiye udzakhala wekha wosadziwa nyumba zonsezi. Ndi Wansapato yemwe adzakuposa."

Anakwiya. Nachete, kukwiya. Akuti ndine wouma mtima, ndimakonda nkhani zanga kuposa anthu, analakwitsa kundigulira kope. Mawu ake anafika pa benchi pansi paja, ndinamva nyundo itasiya. Kenako anapempha mazira ndi buledi, anadya zonse, anapukuta mbale ndi chala. Sabata yonseyi amangotolatola ngati mbalame.

Lolemba, 23 Juni

Chikwama chalongedzedwa. Za madirowa Nachete sanazitchulenso. Sakundilankhula, koma akudya. M'kabati mukadalibe kanthu.

Lachiwiri, 24 Juni

Wamkazi. Koma ndiyambire poyambira.

M'mawa atamugoneka Nachete pa kabedi ka mateyala, kachipewa kobiriwira kumutu, anandiyang'ana.

"Amayi."

"Lachitatu."

"Muli ndi nkhanza."

Chitseko chinatsekeka.

Pa benchi Mabuleki, amene wakhala akunditseka pakamwa chimerereni mano, amvekere, "Amayi, kambaniko kena kake." Ndinatsegula pakamwa, munalibe kanthu. Ndinangomugwira bondo.

Anatuluka namwino wamfupi, chophimba pakamwa chili pachibwano. Mayi ali bwino, mwana ali bwino, watuluka matako patsogolo akukalipa. Mabuleki analira ngati hutala yakutha. Ine ndikuti ndidzuke, namwino uja: "Ndinu agogo a kabati?"

Akuti atangomubaya jekeseni Nachete anayamba kunjenjemera, ndiye wopereka mankhwala anamuuza, lankhulani mayi, chilichonse. Analankhula. Kuyambira pamsika, shuga, nyerere, kalipentala, m'busa, aliyense ndi mawu ake. Anangopumira pamene anamuonetsa mwana pamwamba pa nsalu. Analira, anamupsompsona, akumusoka bala anapitiriza. Mpaka adokotala, singano ili m'manja, anafunsa, "Tsono muli chiyani m'menemo?"

"Ndiye anati chiyani?" ndinafunsa.

"Anatiuza. Inu simukudziwa?"

Ndinati ndikungomuyesa ngati anamvetsa. Anathamangira kwina.

Chakumadzulo anandilola kulowa. Nachete ali chagada, milomo youma, kamwana pachifuwa, nkhope yonse makwinya ngati yanga. Ndati, "Mlendo, ndine ndinkalankhula m'chipaipi uja." Anatsegula diso limodzi, n'kutseka.

"Amayi, inunso simukudziwa," Nachete anatero, mawu osasa. "Ndinazindikira ndili pa tebulo la opaleshoni lija."

Ndinayamba kukonza kansalu ka mwana.

"Mulibe kanthu m'kabatimo. Ndi mkazi wake. Kabati ili pafupi ndi bedi, amagogoda ndi chidendene."

"Nanga kalipentala? Nanga m'busa?"

"Sanali pomwepo? Ankawabweretsera tiyi ndani?"

Ndinabwerera m'nkhani yonse, mlendo ndi mlendo. Analipodi. Ndinamuimika ndekha pamenepo ndi makapu ake, masiku onsewa osamuona. Zinandiwawa kuposa bondo. Nkhuku yanga siingafikepo.

"Tsono tsiku lina," anapitiriza, maso ali kudenga, "mkazi uja watopa, walongedza, wapita kwawo. Bambo ali yekha m'nyumba. Waima pagalasi, amvekere, ine sindikumusowa n'komwe. Kabati: go, go, go."

Ndinasendeza mpando. "Ndani tsopano? Mkaziyo kulibe."

Anatseka maso.

"Nachete."

Zii.

Ndinadikira mpaka namwino kudzanditulutsa. Sanagone, ndinaona milomo yake. Mabuleki akuti mawa nthawi yoona odwala ndi masana. Ndamuuza adzandisiye pachipata m'mawa.